Sitili pano kuti tithetse banja lanu

Anthu ambiri amatidziwa ngati othetsa mabanja. Ukangotchula kuti ntchito yako ndi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza m'banja, kaya ndi m'minibasi kaya ndi pamaliro, sipalephera bambo wina woyankha kuti, "Ndinu amene mukuwapatsa mwano akazi athuwa." Ena amatiyesa ankhoswe a boma, oti ukawatengera banja losweka akulimatira n'kukubwezera kunyumba. Maganizo awiri onsewa amabweza anthu pakhomo pathu. Wina amaopa kuti akafika timuthetsera banja limene akulifunabe. Wina amaopa kuti timukhazika pansi ndi munthu amene anamuthyola nthiti n'kumuuza kuti akhululuke. Lero ndikufuna ndikulowetseni m'chipinda chimene timagwiriramo ntchito kuti muone zimene zimachitikamo.

Mayi akafika, ndimayamba ndapempha onse amene abwera naye kuti adikire panja: apongozi, alamu, ngakhale mayi ake omubereka. Anthu amakhumudwa nazo, poti kwathu kuno nkhani ya banja sikambidwa ndi munthu mmodzi. Koma mayi yemweyo amene amanena kuti "tinangosemphana mawu pang'ono" apongozi ali pambali, chitseko chikatsekedwa amakweza bulauzi n'kukuonetsa kumsana. Sindimufunsa kuti analakwa chiyani. Funso limenelo anafunsidwa kale kunyumba, kwa ankhoswe ndi kumpingo, ndipo ndi limene lamutseka pakamwa nthawi yonseyi. Ine ndimafunsa kuti, "Amayi, mwavulala pati? Ana ali kuti panopa? Usiku uno mukagona kuti, ndipo kumeneko angakupezeni?"

Pali mafunso ena amene sindiwadumpha ngakhale munthu atafulumira chotani. Kodi bambowo anatengapo chikwanje, mpeni kapena nkhwangwa, ngakhale sanakutemeni? Ananenapo kuti akuphani, kapena kuti adzipha mukawasiya? Anakumenyanipo muli oyembekezera? Amakulondani, kukulandani foni, kukuwerengerani nthawi mukapita kumsika? Ndipo funso limene ndimalifunsa modekha kwambiri: anakukanyanganipo pakhosi? Amayi ambiri nkhani ya pakhosiyi saitchula okha chifukwa kawirikawiri sisiya bala looneka. Amangodandaula kuti mawu asasa kapena akuvutika kumeza. Komatu ofufuza ku America anapeza mu 2008 kuti mkazi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake chiopsezo chake chodzaphedwa chimakwera kuwirikiza ka 7. Mayi akandiyankha kuti inde pa funso limeneli, zina zonse zimayamba zaima. Tikukamba za moyo tsopano.

Apa ndi pamene achibale amatopa nafe, n'kumati, "Bwanji osangomuuza achokeko?" Sitimuuza choncho pa zifukwa ziwiri. Choyamba, nthawi imene mkazi akuchoka, kapena wangochoka kumene, ndi imene amakhala pangozi yaikulu, chifukwa wankhanza akaona kuti munthu akumupulumuka m'manja amafika poipa. Kuchoka kumafunika kukonzekera. Chachiwiri, munthu amene wakhala zaka akulamulidwa chovala, kopita ndi wolankhula naye safunika wolamula wina. Ife tikayamba kumusankhira ndiye kuti tangolowa m'malo mwa amene akumuzunzayo. Ndimamufotokozera njira zonse zimene zilipo, zabwino ndi zovuta zake, koma wosankha ndi iyeyo. Iye ndi amene amadziwa kuti bamboyo akabwera ali chete n'kukhala pakhonde osavula nsapato, ndiye kuti usikuwo kuli zinthu.

Chimene timachita limodzi ndi kukonza njira yodzitetezera, kaya akubwerera kunyumba kaya ayi. Ndi zinthu zazing'ono ndithu. Kachikwama kamene kazikhala kwa neba wodalirika, muli chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ake ndi a ana, mankhwala ngati ali pa ma ARV kapena a BP, zovala zosinthira ndi ndalama ya basi. Nambala imodzi ya foni yoloweza pamtima, poti foni ndi imene imayamba kuswedwa. Chizindikiro chogwirizana ndi nebayo, monga kutuma mwana kukapempha mchere usiku, kuti adziwe kuti aitane anthu. Mkangano ukayamba, asathawire kukhitchini kumene kuli mipeni ndi madzi otentha, koma kufupi ndi khomo lotulukira. Ana auzidwe kuti ntchito yawo ndi kuthamangira kwa neba, osati kuleretsa. Ngati ali ndi kageni, kandalama kena kazisungidwa ku banki m'khonde kapena pa nambala imene bamboyo saidziwa. Ena amaona ngati zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi kumanga munthu. Ine ndaona zikupulumutsa anthu.

Kenako kuchipatala. Ndimapempha kuona buku la kuchipatala, ndipo nthawi zambiri nkhani yonse imakhala ili momwemo, yolembedwa mobisa: tsamba lina "anagwa pa njinga", lina "anagunda chitseko", lina "anaterereka kubafa". Dokotala amalemba zimene wauzidwa. Ndiye ndimawapempha amayi kuti ulendo uno akanene zoona kuti zilembedwe momwe zilili, ngakhale asanaganize zopita kukhothi, chifukwa tsiku limene adzafune kutero bukulo lidzawayankhulira. Ngati pachitika zogwiririra, nthawi ndi yofunika kwambiri. Mankhwala oteteza ku HIV, aja a PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo oteteza kutenga pathupi pasanathe masiku 5. Musataye masiku amenewa mukudikira kuti ankhoswe akumane. M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe muli malo otchedwa Chikwanekwane, amene anakhazikitsidwa kuti munthu apeze achipatala, apolisi ndi alangizi pamalo amodzi, asamazungulire tauni yonse akubwereza nkhani yowawa kwa anthu osiyanasiyana.

Za malamulo anthu amangodziwa chimodzi, kumangitsa. N'chifukwa chake ambiri safika n'komwe kupolisi, poti safuna kuti bambo a ana awo akalowe m'ndende. Koma lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2006, lili ndi njira zina zimene sizitengera munthu kundende. Khothi la majisitireti lingathe kupereka chiletso choletsa wankhanzayo kumenya, kuopseza, kulondalonda kapena kufika kumene mnzakeyo akukhala ndi kugwira ntchito. Lingathe kulamula kuti wozunzidwayo ndi ana ndi amene akhale m'nyumba, wozunzayo atuluke. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, lingathe kuika lendiyo m'dzina la wodandaula. Zinthu zikakhala zoopsa, chiletso chongoyembekezera chimatha kuperekedwa winayo asanaitanidwe n'komwe, ndipo kuphwanya chiletso cha khothi ndi mlandu. Lamulo lomweli silinena za zibakera zokha. Kukakamiza kugonana, kunyoza ndi kuopseza kosalekeza, kumana banja ndalama ya chakudya kapena kulanda zimene mnzako wapeza, zonsezi limaziwerenga ngati nkhanza. Ndikawafotokozera zimenezi amayi ena amakhala kaye chete, kenako amafunsa kuti, "Ndiye kuti zondilanda ndalama za fodya zija ndi mlandunso?" Lamuloli limatetezanso abambo, ana, makolo okalamba ndi ena okhala pakhomopo. Abambo ochitiridwa nkhanza timawalandira, ngakhale amafika mochedwa kwambiri poopa kusekedwa, ndipo amene amawaseka akulakwa.

Tsopano ndinene chimene chimapweteka kwambiri pa ntchitoyi. Mlandu uli kupolisi, lipoti la kuchipatala lilipo, bamboyo ali m'chitolokosi. Patapita masiku owerengeka mayi uja akutulukira, mwana kumbuyo, apongozi ndi ankhoswe ataima panja pa mpanda. "Ndabwera kudzatseketsa mlandu. Takambirana kunyumba." Anthu akamva amakwiya, amati akazi ndi otero, umawathandiza mawa lake abwerera. Koma tamufunsani bwino. Lendi yatha ndipo amalipira ndi yemwe ali m'chitolokosiyo. Ufa watha. Abale a mwamuna amuuza kuti akamangitsa mwana wawo asadzapondenso pakhomopo. Ngati ali ku chitengwa, munda ndi nyumba si zake. Ngati kwawo kunaperekedwa malowolo, akuopa kuti ana adzatsala. Kumpingo amuuza kuti banja n'kupirira. Ndipo mwamunayo walira, wagwada, walumbira kuti sizidzachitikanso, monga analumbirira ulendo watha. Mayi ameneyu si wopusa. Wawerengera zimene ali nazo n'kupeza kuti sizikwana.

Sindimukalipira. Ndimamuuza zoona, kuti kuvulaza munthu ndi mlandu wa boma ndipo si iye yekha amene angautseke, komanso kuti pa zimene ndaona, kumenya kumene kwafika pothyola fupa sikutha chifukwa cha kupepesa. Ndikatero timabwereza njira yodzitetezera ija, n'kumuuza kuti akadzabweranso sadzafunsidwa kuti "si inu munatseketsa mlandu?" Ambiri amene anachoka m'mabanja oopsa anachita kubwerera kangapo asanachokeretu. Amene anakalipiridwa ulendo woyamba sabweranso, ndipo timadzamva za iwo zinthu zitaipa.

Pa nkhani yoyanjanitsa ndili ndi maganizo amene ena ogwira nawo ntchito sagwirizana nawo. Kukhazika anthu pansi kuli ndi malo ake: kusamvana pa ndalama, pa achibale, pa kaleredwe ka ana. Koma pamene wina akuopa mnzake, kuwakhazika pa benchi imodzi n'kuwafunsa kuti aliyense anene mbali yake n'kuika wofookayo pangozi. Sanganene zoona pamaso pa munthu amene akagona naye nyumba imodzi usiku womwewo, ndipo akanena akalipira. Ndaonapo nkhani za mabala osokedwa zikutha ndi kugwirana chanza ndi kalata yolonjeza kusintha. Zimenezi ndimazikana, kaya zichitikire kwa amfumu, kumpingo kapena mu ofesi.

Zoperewera zilipo zambiri ndipo sindibisa. Malo oti mayi abisaleko ndi ana ake kwa masiku angapo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Khothi limakhala kutali, ndalama ya basi palibe, galimoto yoti ikatenge wolakwa ilibe mafuta. Chaka chilichonse kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala timaguba m'misewu pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, ndipo n'zofunika, koma ndimalakalaka gawo la ndalama zogulira malaya ndi zikwangwani likanapita ku mafuta ndi malo ogona.

Kukula kwa vuto la nkhanza za m'banja kunaonekera pa kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016. Mwa amayi 100 aliwonse amene anakwatiwapo, 42 ananena kuti anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya zomenyedwa, zogonana kapena zozunza m'maganizo. Mwa amene anamenyedwapo kapena kugwiriridwa, pafupifupi theka sanapemphe thandizo ndipo sanauzeko munthu aliyense. Amene anapempha thandizo, ambiri anapita kwa abale awo, osati kupolisi kapena kwa ife. Kafukufuku yemweyo anapezanso chinthu chimene anthu sachitchula kawirikawiri: amayi 16 okha ndi abambo 13 okha mwa 100 ndi amene anavomereza kuti pali chifukwa chimene mwamuna angamenyere mkazi wake. Ndiye kuti mawu aja akuti kumenya ndi mankhwala a banja ambirife sitiwakhulupirira. Timangokhala chete wina akamawanena pa chinkhoswe kapena pa mowa, ndipo womenyayo amayesa kuti tonse tili mbali yake.

Popeza munthu woyamba kuuzidwa amakhala wachibale, gawo lalikulu la ntchito yanga ndimaligwira kunja kwa ofesi, ndi ankhoswe, anankungwi, mafumu, abusa ndi mashehe. Ankhoswe ndimawauza kuti udindo wawo sunachepe. Mlongo wanu akabwera usiku ndi diso lotupa, mutsegulireni, mumupatse pogona, ndipo musatumize uthenga kwa mwamuna wake kuti ali kwanu iye asanavomere. Musamufunse kuti anayankha chiyani kuti amenyedwe. Mawa lake mupite naye kuchipatala musanaitanitse bwalo. Mukakumana ndi mkamwini wanuyo, muuzeni mosapita m'mbali kuti kumenya ndi mlandu ndipo banja lanu silidzabisa. Abambo ambiri amene ndaona atasintha anasintha chifukwa amalume awo, anzawo a kuntchito kapena akulu a mpingo anasiya kuwaikira kumbuyo. Anankungwi ndimawapempha kuti pa malangizo a mtsikana wolowa m'banja awonjezepo mawu amodzi: zikafika pomenyedwa, kwanu kuno khomo ndi lotsegula.

Kokadandaula kulipo. Pa polisi pali nthambi ya Victim Support Unit, imene ambiri amangoti ku VSU, ndipo m'madera a mafumu ambiri muli makomiti ogwira ntchito yomweyo. Pa boma lililonse pali ofesi ya za chisamaliro cha anthu. Wosowa ndalama ya loya angapite ku Legal Aid Bureau. Pa foni, nambala ya 5600 ndi ya nkhani za nkhanza ndipo 116 ndi ya nkhani za ana, zonse zaulere. Sikuti woimba akhale mwini nkhani yekha ayi. Neba amene akumva kukuwa kuseri kwa khoma angathe kuimba, ndipo angathenso kupita kupolisi usiku womwewo.