Mwana Wokana Kugona: Zimene Mphunzitsi Ayenera Kudziŵa

Kaŵirikaŵiri m'sukulu za mkaka timaona mwana akuodzera m'maŵa dzuŵa lisanakwere, kapena akulira pa kanthu kochepa. Tisafulumire kumutcha waulesi kapena wamwano. Nthaŵi zambiri gwero la vutoli lili kunyumba: mwanayo sagona mokwanira.

M'chaka cha 2019 bungwe la World Health Organization lidalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi kapena ziŵiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, ndipo wa zaka zitatu kapena zinayi maola 10 mpaka 13, kuŵerengera pamodzi ndi tulo ta masana. Tulo si kupuma chabe ayi. Mwana akagona tulo tofa nato thupi lake limakula, ndipo ubongo umasunga zimene waphunzira masana.

Nanga n'chifukwa ninji mwana amakana kugona? Poyamba, pa msinkhu umenewu wayamba kuzindikira kuti ali ndi chifuniro chakechake, choncho mawu akuti "toto" amamukomera. Kachiŵiri, amaopa mdima ndiponso kulekana ndi amayi ake. Kachitatu, mwana wotopa kopitirira muyeso sagona msanga. Amangotakataka, makolo nkumayesa kuti alibe tulo.

Makolo akadzatifunsa nzeru, malangizo athu akhale awa. Mwana azigona ndi kudzuka pa nthaŵi imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Madzulo zinthu zizitsatana mosasintha: kusamba, kudya, nthano yaifupi, kenaka kuloŵa mu neti yoteteza ku udzudzu. Pakapita masiku mwanayo amazoloŵera, nadziŵa yekha kuti nthano ikatha ndiye kugona. Tiyi, maseŵera othamangitsana ndi kuŵala kwa foni kapena wailesi ya kanema zimathaŵitsa tulo, tsono zisakhalepo madzulo. Akadzuka nkutuluka, abwezedwe pamphasa mofatsa ndi mawu ochepa, ngakhale kangapo. Kumuopseza kuti kubwera fisi kumangowonjezera mantha amene akumulepheretsa kugonawo.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Ana aang'ono apume atangodya chakudya cha masana, osati dzuŵa litapendeka, popeza tulo ta madzulo timachedwetsa ta usiku. Tizilemba m'kabuku masiku amene mwana waodzera, kuti polankhula ndi makolo tikhale ndi umboni, osati zongoganiza. Mwana wochita mkonono usiku uliwonse, kapena woodzera thupi likutentha, apite naye kuchipatala.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana amene wazoloŵera kugona pa nthaŵi yake amafika m'kalasi maso ali gwa, wokonzeka kumva zimene tamukonzera.