Mkamwini akafuna kukuza golosale ya apongozi

M'misika yathu muli magolosale omwe atha zaka 20 osakula komanso osagwa. Eni ake amaoda zokhazo zomwe akudziwa kuti zituluka: shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira. Ngongole safuna n'kuimva komwe. Ndiye mwana wawo wamkazi akwatiwa, mkamwini ayamba kuthandiza pakauntala, ndipo miyezi itatu isanathe akukamba zokatenga ngongole kubanki kuti azikapikula katundu ku Kariakoo, ku Dar es Salaam. Phokoso limayambira pamenepo.

Mkamwiniyo ali ndi mfundo. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene ankasunga phindu m'chitini adapeza kuti ndalama yomweyo sikugulanso makatoni omwe inkagula kale. Geni yosakula masiku ano imakhala ikuchepa mwakachetechete.

Koma apongozi sakukana chifukwa cha umbuli. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezerapo chawo akamakongoza wamalonda wamng'ono. Katundu wa ku Tanzania amafuna ndalama zakunja, thiransipoti ndi msonkho wa MRA pachipata cha Songwe. Nanga chikole chikhala chiyani? Nthawi zambiri ndi sitolo kapena nyumba ya apongozi omwewo. Mkamwini wabweretsa nzeru, koma zinthu zikavuta denga lolandidwa si lake.

Palinso zomwe sizinenedwa poyera. Kumadera a chikamwini akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Alamu ake akamuona akuwerenga ndalama madzulo amadzifunsa kuti banjalo likadzatha, kapena bambo akadzatisiya, sitoloyi idzakhala ya yani. Iyenso zimamuwawa kugwira ntchito tsiku lonse popanda malipiro odziwika, kulipidwa ndi nsima basi.

Kwa ine, kumutsekera pakamwa n'kutaya mwayi, ndipo kumupatsa makiyi onse n'kutchova juga. Mupatuleni mpamba wochepa, womwe ukalowa m'madzi golosale siitsekedwa. Asankhe mtundu umodzi wa katundu, kaya nsapato kaya ziwiya zapulasitiki, ndipo ayambe kupikula ku Limbe kapena ku Lilongwe asanaganize zodutsa malire. Akhale ndi kope lakelake ndi nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, kuti ndalama yake isasakanikirane ndi ya shuga. Pakatha miyezi itatu khalani pansi muwerengere limodzi.

Mugwirizanenso poyambirira: kodi ndi wantchito wolandira pamwezi, kapena mnzanu wogawana naye phindu? Zilembeni papepala, ankhoswe a mbali zonse asainire ngati mboni. Mwana wanu wamkazi akhalepo pozilemba, chifukwa mukayambana ndiye amene amatumidwa kukanena mawu owawa uku ndi uku.