Sabuwufa m'buti yaing'ono: sankhani mosamala makutu

Ngati mumayendetsa Sienta pamsewu wa Mangochi kupita ku Makanjira kudzera pa Lungwena, mukudziwa kuti buti imafunikanso matumba a usipa. Sabuwufa ya mainchesi 8 kapena 10 ikukwanirani. Iikeni m'bokosi lotsekeka ponseponse, chifukwa limadya malo ochepa kusiyana ndi lokhala ndi bowo. Mawatsi a RMS a ampulifaya afanane ndi a sipika, ndipo bokosilo mulimange zolimba kuopa mabampu.

Komatu galimoto ndi kachipinda kotsekeka. Phokoso la madesibelo 85 limawononga makutu mukamalimva kupitirira maola 8 patsiku. Mukawonjezera madesibelo 3, nthawiyo imatsika kufika maola 4. Timaselo takumva tam'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Makutu akamalira mukazimitsa nyimbo, kapena simukumva hutala, tsitsani voliyumu.