Ndarama Zoyenda pa Lamya

Kale munthu wogwira nchito ku migodi ya Kitwe, Mufulira kapena Luanshya, akafuna kutumiza ndarama kwa makolo ace ku Petauke kapena ku Lundazi, anali ndi njira ziwiri. Ankazitumiza pa positi, ndipo nkhalamba inkayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukazilandira ku boma. Kapena ankapatsira mnzace wobwerera kumudzi, ndipo nthawi zina zinkafika zoperewera. Lero ndarama zimafika kumudzi mwini wace asanabweze lamya m'thumba. Nanga zimayenda bwanji, ndipo zasintha ciani?

Njira imeneyi inakulira ku Kenya. M'caka ca 2005 makampani a Vodafone ndi Safaricom anayesa kuthandiza anthu osauka kubweza ngongole zazing'ono pa lamya ya m'manja. Koma anthu aja anaona nchito yina imene eni ace sanaiyembekeze: anayamba kutumizirana ndarama okha okha. Cotero mu March 2007 Safaricom inatsegula njirayo kwa onse, niicha M-Pesa, pakuti pa Ciswahili "pesa" ndiye ndarama.

Ndarama siziri m'kati mwa lamya ai. Munthu amapereka ndarama zace kwa ejenti, amene amakhala m'sitolo kapena m'kanyumba ka m'mbali mwa mseu, ndipo kampani imalemba ciwerengero cace pa nambala ya lamya ya munthuyo. Akatumiza, ciwerengero cija cimacotsedwa pa nambala yace ndi kulembedwa pa nambala ya mbale wace, amene amakatenga ndarama zeni zeni kwa ejenti wa kwao. Lamulo limafuna kuti kampani isunge ku banki ndarama zolingana ndi zonse zolembedwazo, kuti zisasokonezeke ndi cuma ca kampani. Ejenti wa kumudzi amapereka zambiri koposa zimene amalandira, ndico cifukwa cace masiku ena amabweza anthu, nati zatha.

Amalonda ang'ono ndiwo apindula kwambiri. Mai wogulitsa kapenta pa msika wa Chisokone ku Kitwe angathe kulipira msodzi wa ku Mpulungu osakwera basi ndi ndarama zomanga pa nsaru. Ndiponso malipiro onse amalembedwa, ndipo zolembedwazo zasanduka mboni. Kale banki inkafuna cikole ca nyumba kapena kalata ya kwa bwana. Koma mu 2012 Safaricom ndi Commercial Bank of Africa anayambitsa M-Shwari, imene imakongoza munthu poyang'ana mmene wakhala akugwiritsira lamya yace. Kampani ya M-KOPA nayo inayamba kugulitsa nyale za mphamvu ya dzuwa zolipira pang'ono pang'ono pa lamya. Mu 2016 akatswiri awiri, Tavneet Suri ndi William Jack, anapeza kuti M-Pesa inathandiza mabanja 194,000 a ku Kenya kuturuka mu umphawi woopsya, makamaka mabanja oyang'aniridwa ndi akazi.

M'Zambia muno nchito imeneyi iri m'manja mwa Airtel, MTN ndi Zamtel, pansi pa ulamuliro wa Bank of Zambia. Kufufuza kochedwa FinScope kunaonetsa kuti mu 2015 akuru 59 mwa 100 ali onse anali ndi njira yosungira, yotumizira kapena yokongolera ndarama. Pofika 2020 anakwana 69, ndipo lamya ndiyo inakweza ciwerengeroco. Boma nalo linaona kukula kwa malondawo, ndipo mu 2024 linaika msonkho pa ndarama zotumizirana pa lamya.

Koma njira yofulumiza ndarama kufika imafulumizanso kucoka kwace. Coyamba ndi akuba. Amatumiza uthenga wonama wakuti alakwitsa nambala, napempha kuti ndarama zibwezedwe. Ena amadzicha anchito a kampani, nafunsa nambala ya cinsinsi. Wanchito woona safunsa nambala imeneyo, ndipo woiulula wapereka mfungulo ya nyumba yace.

Caciwiri ndi ngongole. Poyamba pace M-Shwari inkalipiritsa 7.5 pa 100 iri yonse pa masiku 30. Zioneka zocepa, koma wokongola mwezi ndi mwezi amalipira 90 pa 100 caka cisanathe. Mai wogula nazo katundu wogulitsa angabweze napindulanso. Mwamuna wokongola pakati pa usiku kuti abecere mpira amalandira malipiro ace atadyedwa kale, ndipo akalephera kubweza, dzina lace limalembedwa m'buku la osabweza ngongole limene mabanki amaliwerenga.

Lamya yafupikitsa ulendo wa ndarama, koma nzeru yozisungira ikali nchito ya mwini. Wanzeru amafunsa mtengo wa kutumiza asanatumize, amawerenga dzina la wolandira asanabvomereze, ndipo amakongola zokhazo zimene zidzabala zina. Amapatulanso pang'ono tsiku la malipiro lomwe, ngakhale zicepe bwanji, pakuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.