VINYO WOYERA WOLEMBEDWA "DRY"

Munthu woyenda m'masitolo a pa Cairo Road, kapena a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, amaona mabotolo a vinyo woyera ataikidwa m'mizere, ndipo pa ambiri a iwo palembedwa liu la Cingelezi lakuti "dry", ndiko kuti couma. Tsono ena amadabwa nati, "Kodi cakumwa cingaume bwanji cikali m'botolo?"

Vinyo amapangidwa ndi mphesa. Pofuna woyera, opanga amafinya mphesazo ndi kucotsa makoko msanga, kuti madzi asatenge mtundu. M'madzimo muli shuga wambiri. Monga thobwa limasanduka mowa likagonera masiku, momwemonso madzi a mphesa amawira, pakuti cotupitsa cimadya shuga ndi kumsandutsa ukali woledzeretsa. Akaleketsa kuwirako pakati, vinyo amatsala wozuna. Koma akakuleka kufikira shuga atatha, amakhala wowawasa pang'ono, ndiye uja amati "dry". Cimene cauma ndi shuga, si vinyo ai.

Wambiri wa vinyo ameneyu amacokera ku Cape, m'dziko la South Africa, kumene mphesa zoyamba zinafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck. Mpesa wobzalidwa koposa yonse kumeneko ndi Chenin blanc, umene kale ankaucha Steen. Minda yina ndi ya mabanja, atate kusiyira ana ao: banja la Malan, la pa munda wa Simonsig pafupi ndi Stellenbosch, linayamba kugulitsa vinyo wa dzina la mundawo m'caka ca 1968. Koma mbiri ya minda ya ku Cape ili ndi cilonda cace. Pa zaka zambiri eni minda ena ankalipira anchito gawo la malipiro ao ndi vinyo. Lamulo linaletsa mwambowo, komabe ucidakwa umene unabala ukali kusautsa mabanja kufikira lero.

Nanga bwanji osangolima mphesazo ku Lusaka? Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa zimapsa pa dzuwa louma, nizikololedwa kuyambira Januwale kufikira Malichi. Ku Lusaka miyezi yomweyo ndiyo ya dzinja, ndipo mphesa zakupsa zikanyowa kawiri-kawiri zimaola. Ndico cifukwa cace botolo limayenda ulendo wa makilomita pafupi-fupi 3,000.

Tsono pano ndipo pali cinthu coyenera kusamala. Vinyo woyera amaoneka ngati madzi, ndipo akazizira amatsika bwino pakhosi. Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mowa wa Mosi uli ndi ukali wa magawo 4 pa 100, ndipo Chibuku sapambana pamenepo, koma vinyo ali ndi magawo 12 kapena 13. Botolo limodzi la mamililita 750 lilingana ndi mabotolo ang'ono a mowa 6 kapena 7. Munthu wa ku Kabwata kapena ku Chelstone amene angamwe vinyo monga amamwera Chibuku, adzagwa asanadziwe. Ndipo wa ku migodi amene acita cotero madzulo, m'mawa angalowe pansi mutu usanayere, naika moyo wace ndi wa anzace pangozi.

Ku maiko kumene anazolowera vinyo, amamwa tambula imodzi pamodzi ndi cakudya, makamaka nsomba kapena nkhuku, ndipo botolo limodzi amagawana anthu anai kapena asanu. Vinyo wotere sakoma ndi kukalamba. Wogula ayang'ane caka colembedwa pa botolo, asankhe wa caka cino kapena catha, amsunge pa mthunzi kutali ndi kutentha kwa Okutobala, ndipo akatsegula amuike pozizira, namtha masiku atatu asanapite. Amai apakati, ndi ali yense woyendetsa galimoto, asamlawe konse.