Yemwe tinkati waulesi lero sagwirika

M'midzi ya m'mbali mwa Diamphwe, mwana wogona dzuwa lili paliwombo amapatsidwa mayina awiri okha: waulesi kapena wolodzedwa. Mwana wa mlongo wanga analandira onse awiri ali Fomu 2. Mtsikana yemwe ankatsogolera nyimbo kukwaya anangoti zii. Nsima ankangoitsina, sukulu anaileka, khasu linkamulemera. Ukamufunsa, yankho linali limodzi: "Atsibweni, ndatopa." Kutopa kwake kosatha ndi tulo, kodzuka nako m'mawa.

Agogo ake anati ndi nsanje ya anthu, nkhuku n'kupita kwa sing'anga. Amayi ake anati ndi chibwana, mawu n'kukwera. Kuchipatala ku Mitundu anamuyeza malungo, magazi ndi likodzo, zonse bwinobwino. Ife tinabwerako manja ali m'khosi.

Thandizo linachokera komwe sitinkayembekezera, kutali ku Halifax m'dziko la Canada. Kumeneko, pa yunivesite ya Dalhousie, kunali Pulofesa Stan Kutcher, dokotala wa matenda a maganizo a ana ndi achinyamata. Pakati pa 2013 ndi 2016 iye anagwira ntchito ndi mabungwe a Farm Radio International ndi Farm Radio Trust komanso Unduna wa Zaumoyo m'maboma a Lilongwe, Mchinji ndi Salima, ndi ndalama za bungwe la Grand Challenges Canada. Nzeru yake inali yoti kafukufuku asathere m'mabuku. Aphunzitsi anaphunzitsidwa kuzindikira matenda okhumudwa, azaumoyo anaphunzitsidwa kuwachiza, ndipo pa wailesi ya MBC Radio 2 panayamba pulogalamu ya achinyamata ya Nkhawa Njee, Yonse Bo, yodzaza nyimbo, sewero ndi mafunso a pafoni. Mu 2015 Kutcher ndi anzake a kuno kwathu anasindikiza zotsatira zoonetsa kuti aphunzitsi ophunzitsidwawo anadziwa zambiri ndipo tsankho lawo pa odwala maganizo linachepa.

Mmodzi wa aphunzitsi amene nkhaniyi inawafika ndi amene anaimika njinga pakhomo pathu. Sanakalipe. Anakhala pamphasa n'kufunsa mwanayo: "Wayamba liti kumva chonchi? Pali chomwe chimakusangalatsabe? Usiku umagona?" Kenako anatiuza akuluakulufe kuti wachinyamata akakhala milungu yoposa iwiri ali wokhumudwa, wofooka, wosafuna chakudya ngakhale anzake, amenewo akhoza kukhala matenda, ndipo amachizika. Anatichenjezanso kuti si kutopa konse komwe kumachokera m'maganizo. Alipo matenda ena a kutopa kosatha, amene Pulofesa Elena Garralda wa ku Imperial College ku London wawafufuza kwambiri mwa ana, omwe nthawi zambiri amayamba munthu akadwala matenda ena, ndipo kumukakamiza ntchito kumangowonjezera vuto. Choncho woweruza akhale dokotala, osati bwalo la pakhomo.

Tinakwera minibasi pa Nathenje kupita kuchipatala cha Bwaila. Kumeneko anamumvetsera, anamupatsa uphungu ndi mankhwala, natiuza kuti tidekhe chifukwa mphamvu yake imaoneka pakapita milungu ingapo. Kunyumba tinasintha kalankhulidwe. Mawu oti "dzuka, waulesi iwe" anatha, m'malo mwake amayi ake ankati, "Tiye tikathirire limodzi kudimba, bedi limodzi lokha."

Eee, abale! Bedi limodzi linasanduka dimba lonse. Anayamba ndi kuseka nthabwala za mng'ono wake, kenako tinamva nyimbo kuchokera kubafa, agogo n'kutaya lichero ndi chimwemwe. Anabwerera kusukulu, nalemba mayeso a Fomu 4, nakhoza. Lero tsiku la msika ku Mitundu mukamupeza atakweza tomato panjinga, akutsutsana mtengo ndi mavenda a mumzinda mpaka iwo kugonja. Kukwaya ndiye musanene, mawu ake amamveka kutsidya kwa mtsinje.

Kutcher anasankhidwa kukhala senetala wa dziko la Canada mu 2018, ndipo akatswiri anzake amamuyeza ndi kuchuluka kwa zolemba zake. Ife kuno tili ndi muyezo wathu. Agogo aja, omwe anataya nkhuku kwa sing'anga, ndiwo tsopano alangizi a mudzi. Mnansi akadandaula za mwana wongogona, iwo amagunda ndodo pansi n'kunena kuti: "Nkhukuyo phikani mudye ndi mwanayo, mawa mulawirire kuchipatala!"