Achinyamata ojambula zithunzi akulimbana ndi chimbuuzi

TETE — Loweruka lililonse kukakhala ukwati ku Ulongwe, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, sipalephera kupezeka mnyamata kapena mtsikana wonyamula kamera kapena foni, amene banja lamulipira kuti ajambule mwambowo. Ambiri mwa iwo sanapite kusukulu ya ntchitoyi. Anaphunzira kwa anzawo ndi m'mavidiyo a pa YouTube. Chimene chimawagwetsa kwambiri ndi chimodzi: chithunzi kutuluka cha chimbuuzi, nkhope ya mkwatibwi yosaoneka bwino, pamene khoma la tchalitchi kumbuyo kwake likuoneka mng'alu uliwonse.

Nkhaniyi si yamasewera kwa eni ukwati. M'chigawo chino muli mabanja ambiri amene anabwerera kuchokera ku Malawi pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992 opanda chithunzi ngakhale chimodzi cha makolo awo. Mabanja otere akalipira wojambula amafuna nkhope ya agogo ioneke, chifukwa chaka chamawa mwina sadzakhalapo.

Chimbuuzi chili pawiri, ndipo wophunzira ayenera kuyamba wasiyanitsa. Ngati munthu sakuoneka bwino koma mtengo wa kumbuyo kwake ukuoneka, ndiye kuti kamera inalunjika pamalo olakwika. Ili ndi vuto la fokasi. Kamera ikasiyidwa kuti isankhe yokha imathamangira chimene chili pafupi kapena chowala kwambiri, monga maluwa a m'manja mwa mkwatibwi. Mankhwala ake ndi kusankha kadontho kamodzi ka fokasi, kukaika pa diso la munthu limene lili pafupi ndi kamera, kudina batani pang'ono chabe mpaka kamera itagwira, kenako kumaliza kudina. Wa foni akhudze ndi chala nkhope ya munthuyo pagalasi asanajambule.

Koma ngati zonse zili m'chithunzimo zasokonekera, khoma ndi munthu yemwe, ndiye kuti dzanja linagwedezeka. Izi zimachitika kwambiri m'matchalitchi a mazenera aang'ono, mmene kamera imatsegula diso lake nthawi yaitali kuti ipeze kuwala. Pa 1/30 ya sekondi dzanja la munthu silidalirika. Anthu oimirira amafuna 1/125, ndipo ovina pabwalo, fumbi lili kobo, amafuna 1/500 kapena kufulumira kuposa apo.

Palinso msampha wina umene achinyamata amagweramo chifukwa cha kukonda fashoni. Amatsegula bowo la lenzi kufika pa f/1.8 kuti kumbuyo kusungunuke ngati zithunzi za m'magazini. Kwa munthu mmodzi zimakongola ndithu. Koma akaimika banja lonse m'mizere itatu, a mzere woyamba okha ndi amene amaoneka, ankhoswe a kumbuyo n'kusanduka mithunzi. Gulu lotere limafuna f/8.

Akale analibe mwayi woyesa kambirimbiri. Filimu imodzi inali ndi zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambula wa panjinga ankadziwa kuti walakwitsa patapita masiku, filimu itatsukidwa kumzinda. Ricardo Rangel, amene anabadwa mu 1924 ndi kumwalira mu 2009, anajambula zithunzi zimene zinamutchukitsa akupotokola lenzi ndi dzanja. Iye anatsogolera sukulu ya Centro de Formação Fotográfica ku Maputo kuyambira m'zaka za m'ma 1980, koma kuchokera ku Tete ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500, ndipo mnyamata wa ku Angónia sangaukwanitse wamba.

Lero ambiri amadalira mapulogalamu okonzera zithunzi. Photoshop inatuluka mu 1990, ndipo kuyambira mu 2013 imalipiridwa mwezi ndi mwezi, chinthu chovuta kwa munthu wopeza mameticais ochepa pa ukwati umodzi. GIMP ya pakompyuta ndi Snapseed ya pafoni n'zaulere. Mapulogalamuwa amathandizadi. Amawalitsa nkhope imene inada chifukwa cha diresi loyera ndi dzuwa la ku Tete, amadula m'mbali, amachotsa madontho a fumbi limene linalowa m'kamera. Chimene sangathe ndi kubweza fokasi imene inaphonyedwa. Batani lonolera chithunzi limangodetsa ndi kuwalitsa m'mphepete mwa zinthu, ndipo ukalikankha kwambiri khungu la munthu limaoneka ngati khungwa la mtengo.

Mapulogalamu atsopano onga Remini amachita zina. Amatenga nkhope ya chimbuuzi n'kuipangira maso, mano ndi khungu mongoyerekeza. Chithunzi chimatuluka choyera bwino, koma nthawi zina makwinya ndi mphini za agogo zimafufutika, munthuyo n'kukhala wina. Ena amaonjeza kuyeretsa khungu la mkwatibwi mpaka apongozi kumudodoma.

Ntchito yabwino imathanso kuonongeka potumiza. WhatsApp imafinya chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi, ndipo mwini wake akapita nacho kukasindikiza chachikulu choti apachike pakhoma, chimatuluka cha timabokosi. Ojambula amene anapsapo kale amatumiza ngati dokumento, kapena amapempha banja kuti libwere ndi fulashi.